Malalanje Aja Musadye, Ndi Odwala

Bambo a mwana,

Ndathamangira kowerenga ndi anzanga a pagulu aja. Ndimati ndikudikireni koma foni yanga ikungolira, akundifulumizitsa.

Malalanje munagulira amayi anu aja musawapititsire, inunso musalawe. M'mawa gulu lonse linali pano, ndiye mnzathu wina anaulula kuti akangogwira jakisoni manja amanjenjemera, chonsecho mayeso a unamwino ndi Lolemba likubwerali. Tinayang'ana uku ndi uku kufuna woti timubaye, maso onse anakagwera m'mbale ya patebulo. Lalanje lililonse lalandira madzi amchere, lalikulu lija ndiye lasanduka sefa. Mwamwayi palibe wodwala amene wadandaula, ndipo pofika lomaliza dzanja la mnzathuyo linali litakhazikika.

Pepani kwambiri. Popita kwa amayi mudzere pamsika mugule ena. Zoti mpongozi wawo wabaya mphatso yawo zithere m'nyumba mom'muno. Mwana ndamusiya kwa aneba, mukamutenge asanayambe kuvuta.

Musakwiye, muziyamika. Tisanawaone malalanjewo, dzina limene linatchulidwa linali lanu.

Ndine mkazi wanu, namwino wa mawa