Msewu wa Bambo

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndiyambe ndi moni, monga anatilerera. Uli bwanji kumeneko? Alamu anga ali bwanji, nanga ana? Kamtsikana kako kaja kanasiya kutsokomola? Kuno tilipo. Alamu ako ali bwino, bondo lokha ndi limene limawavuta kukazizira. Bambo akudya, akuyenda, thupi lili gwa. Ine ndilipo, koma ndatopa, ndipo kutopa kwake si kumene kumatha ndi tulo.

Udabwa kuti masiku ano a foni ndakulembera kalata ngati munthu wakale. Pa foni umafulumira, iwe. Ndikangoti ndiyambe kufotokoza, umati limbani mtima achemwali, kenako akukuitana kuntchito. Pepala silidula munthu mawu. Ndiye khala pansi, uwerenge mpaka pothera.

Zithunzi za ulendo wathu wa kumpoto unaziona, ndipo unayankha ndi timitima tofiira khumi. Maganizo a ulendowo anali ako. Unati bambo anayendetsa basi mumsewu wa kumapiri uja zaka makumi awiri ndi zisanu, ndiye akakauonanso mwina mutu ukatseguka. Unanena iwe amene tsiku limodzi lokha limene anakutenga pa msewu umenewu unasanza njira yonse. Koma nanenso ndinkafuna kukhulupirira. Ndinatseka shopu, ndinaphimba makina osokera, n'kupempha kagalimoto ka alamu ako.

Usanandiweruze pa zimene ndikuuze, udziwe kaye mmene tsiku langa limayendera, chifukwa iwe bambo umawaona mphindi zisanu pa foni, atasamba kale, atapesa. M'mawa uliwonse amavala jekete lawo la kuntchito n'kumalimbana ndi geti, akuti achedwa ku depoti. Getilo ndimakhoma ndi maloko awiri. Nsapato zawo ndimazipeza mu firiji. Mwezi watha anamasula msoko wonse wa diresi la ukwati la kasitomala, akuti akundithandiza. Dzina langa analiiwala chaka chatha. Masiku ena ndine nesi, masiku ena ndine malemu amayi, masiku ena ndine mayi wina wake amene wawabera wotchi. Zaka zitatu tsopano, mlongo wanga.

Alamu ako poyamba anakana. Ati kagalimotoka kamatsokomola pa kachitunda ka kumsika, nanga phiri kakachita nalo bwanji? Atawona kuti sindisintha, anandionetsa pothira madzi ndi poyezera oilo, n'kundilongezera matewera a akuluakulu, pulasitiki yoyala pabedi, mankhwala ndi zovala zosinthira. Katundu wake ngati ndikuyenda ndi khanda, koma khanda lake landevu.

Tsiku loyamba linayenda bwino, ndisaname. Titangosiya chigwa n'kuyamba kukwera, bambo anawongoka pampando. Anayamba kutchula za kutsogolo tisanafike. Ati ukatha mlatho wachitsulo pali kona yokhotera kumanja, pamenepo uyimbe hutala. Inalipodi. Ati kutsogoloko kuli chimwala chong'ambika pakati, pamatuluka madzi. Chinalipodi, madzi ake ozizira mpaka mano kuwawa. Munthu amene amasochera popita kuchimbudzi m'nyumba yomwe wakhalamo zaka zitatu, makona a m'phiri akuwadziwa onse.

Ine ndiye ndinasanduka kondakitala. Ati kondakitala iwe, wakupatsa chiwongolero ndani? Ati potsika phiri usamadalire buleki, ikapsa tikathera kuphompho, ika giya yomwe unakwerera. Ndinaseka, mlongo wanga, kuseka kwenikweni, koyamba chaka chino. Chithunzi chija akuloza ndi ndodo ndinajambula tsiku limenelo.

Pa kamudzi kena tinaima kuti tigule uchi. Wogulitsayo, mayi wachikulire wopanda mano akutsogolo, anawayang'anitsitsa bambo n'kuwomba m'manja. Ati awa si adalaivala a basi yofiira aja? Ati ali mtsikana matenda a uchembere anamuyamba pamsewu pomwepo, bambo n'kuimitsa basi, kumukhazika pa mpando wakutsogolo mpaka kuchipatala, ndipo mwanayo lero ndi mphunzitsi. Bambo sanamukumbukire, koma anavula chipewa n'kumupatsa moni waulemu. Mayiyo anandiuza kuti ndine wodala kukhala ndi bambo otere, ndiziwasamalira. Ndinati zikomo. Aliyense amandiuza zimenezo, kenako amabwerera kwawo.

Malo ake ndi okongola, anthu sanama. Mapiri amangosanjikizana, obiriwira pafupi, abuluu patali, mpaka osadziwa pamene phiri lathera ndi pamene mtambo wayambira. Nkhalango za paini fungo lake limalowa m'galimoto ngakhale mawindo ali otseka. Timidzi ta nyumba zinayi kapena zisanu tangokanirira m'mbali mwa phiri, ng'ombe zikudya pamalo oti iwe sungaime. Umatha ola lathunthu osakumana ndi galimoto, foni ili zii. Koma zonsezi ndikukuuza kuchokera m'zithunzi. Ine maso anga anali pa msewu ndi pa dzanja la bambo, limene linkangofufuza chotsegulira chitseko.

Tinagona pa kanyumba kena ka alendo. M'mawa mwake zinthu zinatembenuka. Ndinawapeza bambo atavula thewera n'kudziipitsira pabedi, ndipo pamene ndinkawasambitsa m'kabafa kopanikiza, madzi a m'ndowa, anandimenya mbama. Zimenezo sizachilendo. Chachilendo n'choti titafika podyera anaimirira n'kuuza mayi wophika ndi alendo ena awiri kuti mayi uyu sakumudziwa, wawaba kwawo, aitane apolisi. Ndinachita kutulutsa makadi a kuchipatala kuti anthu andikhulupirire. Wophika uja anayang'ana tsaya langa lotupalo n'kundiwonjezera shuga mu tiyi. Chisoni chakecho chinandiwawa kuposa mbama.

Tinanyamukabe, chifukwa unanenetsa kuti tikafike pamwamba penipeni, pamene bambo ankaimika basi kuti injini ipume. Pa kona ina anagwira chiwongolero n'kukokera kwawo, ati ndikuyendetsa ngati laisensi ndinachita kugula. Tayala linaponda miyala ya m'mphepete. Kunsi kwake ndinaona nsonga za mitengo.

Pamwambapo pali kabwalo ka miyala ndi zipilala zoyera zisanu ndi chimodzi m'mphepete mwa phompho, basi. Palibe nyumba, palibe wogulitsa nthochi, mphepo yokhayokha. Tinadya buledi ndi mazira owiritsa, ndipo ndinawajambula atakhala pa chipilala, chipewa chili pa bondo. Chithunzi chimenecho ndi chimene unati uchikulitsa ukachipachike pabalaza.

Nditati tiyeni, anakana. Ati akudikira basi yawo. Ndinawanyengerera. Ndinawanamiza kuti basi ili kumunsi. Ndinagwada pamiyala paja, mayi wa zaka makumi asanu, kuwapempha. Nditawagwira mkono anakuwa kuti wakuba, mawu kumveka m'mapiri monse, n'kundimenya ndi ndodo pa zala. Ola linatha, lachiwiri linayamba. Nkhungu inayamba kukwera kuchokera m'chigwa.

Tsopano ndafika pa chimene ndakulembera kalatayi. Alamu ako sindinawauze, abusa sindinawauze. Ndikuuza iwe chifukwa bambo ndi athu tonse.

Ndinalowa m'galimoto. Poyamba ndinkati ndingoliza injini, akamva abwera okha. Sanatembenuke n'komwe. Ndinaika giya. Ndinkati ndisuntha pang'ono chabe, mpaka pothera kabwalo. Ndinafika pothera kabwalo, koma phazi langa silinachoke. Pa galasi ndinawaona akucheperachepera, kenako kona inawabisa.

Ndinawasiya, mlongo wanga. Bambo athu, odwala, m'mphepete mwa phompho, ndinawasiya.

Ukuganiza kuti ndinkalira? Ayi, ndipo choopsa ndi chimenecho. Thupi lonse linapepuka. Ndinatsegula windo, mphepo n'kundiwomba kumaso, ndipo apa mpamene ndinawaona mapiri ndi maso anga. Kutsidya kunali mathithi oyera mbee, otalikira moti phokoso lake silinkamveka. Dzuwa linali litagwera pa phiri limodzi lokha, ena onse ali mumthunzi. Ndinati kani anthu amayendera zimenezi! Mtima unali myaa, ngati tsiku limene ndinamaliza mayeso.

Ndikanakonda kukuuza kuti chinandibweza ndi chikondi, kapena kuopa Mulungu. Chinandibweza ndi lole ya simenti imene ndinadutsana nayo ikukwera. Itangodutsa ndinaganiza kuti bambo akamva injini yaikulu ija aziti ndi basi yawo, alowa pakati pa msewu kuti ayiimitse, mu nkhungu muja. Pamenepo mpamene nzeru zinandibwerera. Ndinali nditatsika makona asanu ndi awiri.

Potembenukira panalibe. Msewu wake ndi wopapatiza, uku khoma la mwala, uku phompho. Ndinatsikabe mpaka pa kamlatho kena, n'kuyamba kupita kutsogolo, kubwerera, kutsogolo, kubwerera, mwina kasanu. Kenako ndinaipeza lole ija, ndipo kuipitirira sikunkatheka. Inkakwawa, utsi uli bii, ine pambuyo pake ndikuimba hutala ngati wamisala. Dalaivala wake anangotulutsa dzanja pa windo kundiuza kuti ndidekhe. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimadziwa, ena ndinachita kupeka.

Lole inadutsa pamwamba paja osaima. Utsi utachoka ndinawaona. Anali atachoka pa chipilala, ataima mbali ya kukhoma, kutali ndi phompho, jekete atamanga mabatani onse ngati munthu wodikira pa siteji. Nditaima anatsegula okha chitseko, anakhala, anamanga lamba.

Kenako anandiitana ndi dzina langa la kunyumba lija, limene iwe unkalephera kutchula uli mwana. Chaka chathunthu ndisanalimve pakamwa pawo.

Anandifunsa kuti ndakatembenukira pati. Ndinati pa kamlatho. Anagwedeza mutu, ati inde, palibenso pena, wachita bwino. Ndiye kuti ankadziwa, mlongo wanga. Ankadziwa kuti ndine ndani, ndipo ankadziwa chimene ndachita. Ndinayamba kupepesa, koma iwo anagwira dzanja langa, lomwe analimenya lija, n'kulibwezera pa chiwongolero.

Ati usalire, ukalira suona msewu. Ati watopa, mwanawe, maso akowo ndawaona, ndi a munthu amene wayamba kuona msewu pawiri. Ati nthawi yawo kampani sinkalola munthu kukwera phiri limeneli yekha. Ankanyamuka madalaivala awiri, wina akatopa mnzake amalandira, ndipo panalibe chamanyazi. Anacheukira kumpando wakumbuyo, kumene kunali zikwama ndi fulasiki basi. Ati nanga mnzako ali kuti?

Tisanatsike makona atatu anali atabwerera kudziko lawo lija, akufunsa kondakitala ngati katundu wamangidwa bwino pamwamba. Iwo anaiwala zonse. Lero ukawafunsa za ulendo amati sanapite kulikonse. Ine ndiye ndatsala nazo, ndipo chimene chikundisowetsa mtendere si kuwasiyako kokha, koma kukoma kumene ndinamva nditawasiya.

Chibwerereni ndikusoka, koma msoko sukuwongoka. Alamu ako akuona kuti pali china, ndipo akandifunsa ndimati ndi msana. Dzulo masana bambo anagona pampando wa pakhonde. Ndinangozindikira ndaima kunja kwa geti, chikwama kumanja, osadziwa kumene ndikupita. Ndinabwerera n'kukaika madzi awo osamba pamoto.

Ndikuopa, mlongo wanga. Matenda a bambo sindikuwaopa, ndinawazolowera. Ndikudziopa ndekha. Tsiku lija kunabwera lole. Tsiku lina sikudzabwera kanthu.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye ndatsekula. Zimene umatumiza zimafika, mankhwala sasowa, ndipo ndimathokoza. Koma phukusi silisambitsa munthu. Sindikunena kuti usiye ntchito kapena usamutse banja. Ndikuti upemphe tchuthi, miyezi iwiri, ngakhale umodzi. Ubwere udzagone m'chipinda choyandikana ndi chawo, udzawasambitse, udzawamete, udzamve nawe akukutchula wakuba. Ine ndidzapume pang'ono. Kenako tidzakhale pansi awiri, maso ndi maso, tikambirane za kutsogolo.

Ukafuna kundikwiyira, kwiya, ndiyenera. Koma udzandikwiyire uli kuno.

Undiperekere moni kwa alamu anga, uwauze kuti mwamuna wawo sindikulanda, ndikungobwereka. Ana uwauze kuti azakhali awo amawakumbukira tsiku lililonse, koma kalatayi asaiwerenge. Mulungu akusungeni nonse, adalitse ntchito ya manja ako, ndipo akuyendetse bwino panjira.

Bambo anafunsa funso pamwamba paja, ine ndinalibe yankho. Ndalitumiza kwa mwini wake. Yankholo usalembe, ubwere nalo.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene akukudikira