Mtima wa Gilford wakula

Lolemba, 9 Juni 1997

Telala wa ku Mchesi wamaliza diresi la chinkhoswe. Munthu amene anandisungira siketi kuyambira nthawi ya referendamu, lero wamaliza chinthu. Ndalivala, ndadziyang'ana pagalasi, ndadzipatsa mamalikisi onse. Loweruka la pa 21 Kawale yense adzaone. Gilford wanga wapezanso ntchito ku kampani ya fodya ku Kanengo, kwangotsala kumuyeza kuchipatala. Mwamuna ndi ntchito yake mwezi umodzi. Wofuna kudwala nazo adwale.

Lachiwiri, 10 Juni

G. wabwera chothamanga monga mwa masiku onse, kuchokera ku Area 25 mpaka kuno. Anthu amakwera minibasi, iye amati akukonzekera mpikisano. Wafika ndi envelopu yaikulu. Womujambula ekisire wangomuuza kuti "Achimwene, mtima wanu wakula," n'kuitana wotsatira. Ngati akunena za nsapato.

Azakhali a Zipora anali pawindo, kuofesi kwawo. "Wakula mtima? Ndinaonera kale ine. Moni amapereka choimirira." Ndawauza kuti mtima wakula ndi wakula mtima ndi nkhani ziwiri. Akuti Chichewa anachiyamba ine ndisanabadwe.

Ndaseka. G. waseka. Amayi analowa m'nyumba.

Lachitatu, 11 Juni

"Bambo ako anawauzanso mawu omwewo." Amayi, m'mawa uno, akusesa. Andikumbutsa zonse ngati kunalibe ine: miyendo yotupa, kugona chokhala pampando, kupuma movutikira akangopita kuseri. "Ndinawasamala ndine, osati digiri yako. Sindikupereka kuti ukavale zakuda mano ali onse m'kamwa."

Atumiza uthenga kwa amalume a Laws, ankhoswe anga, kuti chinkhoswe chiyambe chaima.

Diresi lili musutikesi.

Lachinayi, 12 Juni

Zaka zinayi ku yunivesite ku Zomba, zaka zitatu ndikuphunzitsa bayoloje, n'kugonjetsedwa ndi chithunzi chooneka ngati mtambo? Ayi. Fomu 3 ndaipatsa ntchito yolemba, ine ndafukula mabuku anga, ndipo ndasangalala mpaka kuiwala tiyi wa bureki.

Nkhani yonse ili m'zipinda ziwiri za m'munsi mwa mtima, maventiriko. Cha kumanja chimakankhira magazi m'mapapo, ulendo wa pafupi, khoma lake n'lopyapyala. Cha kumanzere chimatumiza magazi kumutu mpaka kuchala chaphazi, khoma lake n'lochindikala. Munthu akamathamanga zaka ndi zaka, chipindacho chimakula, chimadzaza kwambiri, chikafinya kamodzi chimatulutsa ambiri. N'chifukwa chake akapuma mtima wake umagunda mwaulesi ngati kalaliki wa boma. Wa malemu Ababa unakula mwa mtundu wina: unatamuka ngati lasitiki wa siketi yakale, waukulu koma wosafinya. Magazi otsalira ankabwerera m'mbuyo, madzi n'kudzaza m'mapapo ndi m'miyendo.

Mitima iwiri yaikulu, wina wa mphamvu, wina wotopa. Ekisire imangoona mthunzi, siisiyanitsa. Mawa Amayi alowa m'kalasi.

Lachisanu, 13 Juni

Ndagula mtima wa mbuzi ku butchala ya ku Biwi. Ndaudula pakati ndi lumo, ndawaonetsa Amayi makoma awiri aja, ndawagwiritsa ndi chala. Ndathira madzi m'chipinda cha kumanzere, ndafinya, madzi athovoka mpaka pa duku la azakhali. Phunziro labwino kuposa onse amene ndinaphunzitsapo. Woyendera masukulu akanalira.

Amayi amvetsera mpaka kumapeto. Kenako: "Ndiye mtima umenewu ndi wabwino?" Ndati wabwino kwambiri. "Nanga mwini wake ali kuti?"

Ndapita kukasamba m'manja. Pobwera, azakhali anali ataukazinga kale umboni wanga, ndi anyezi.

Loweruka, 14 Juni

G. wati asiya kuthamanga ngati zingathandize. Ndamugwira pamkono kumvera kugunda kwa mtima wake. Kukugunda pang'onopang'ono, mosatekeseka, ngati si mwini nkhani. Ndamufunsa mafunso onse: amagona chagada? Eya. Anakomokapo? Ayi. Chifuwa chimamuwawa akamakwera mtunda? Akuti chimene chimamuwawa ndi mafunso anga.

Chimene sindinamuuze: buku lomwelo likunenanso za achinyamata ena amene khoma lawo limachindikala mopitirira, malo a magazi n'kuchepa, munthu n'kungogwa pabwalo. Ndimeyo ndaiwerenga kawiri. Kwa Amayi sindinaiwerenge.

Lamulungu, 15 Juni

Kutchalitchi amayi a chigwirizano andipatsa moni wa pamaliro. Kuli kale nkhani ziwiri: ena akuti mkamwini wathu watsala madzi amodzi, ena akuti ndi wamwano. Azakhali agwira ntchito.

Lolemba, 16 Juni

Kuchipatala chachikulu kuli makina oonera mtima ukugunda, ngati aja amaunikira amayi oyembekezera. Rachel, mnzanga wa ku sekondale, ndi namwino kumeneko, watilembetsa mawa. Ndikaona ventiriko yamoyo ndi maso angawa, ine amene ndakhala ndikuijambula ndi choko. Ndawauza Amayi. Ati "Uyende bwino."

Lachiwiri, 17 Juni

Kachipinda kamdima. G. atagona cham'mbali, malaya atavula, adokotala akuyendetsa kachitsulo pachifuwa pake popaka mafuta. Mayi wamfupi, wosaseka, Chichewa cha ku Rumphi. Pa kawayilesi kakanema panali chifunga chokhachokha, kenako ndinachiona: chipinda cha kumanzere, chikutseguka, chikufumbata. Ndinayamba kutchula mayina a zigawo mokweza. Adokotala anandifunsa ngati ndikufuna mpando wawo.

Ndiye chitseko chinatseguka. Amayi. Chitenje cha kutchalitchi, kachikwama kukhwapa, Rachel kumbuyo kwawo akukweza mapewa. Anakwera minibasi yotsatira yathu, osandiuza.

G., amene chiyambire sanakhalepo mphasa imodzi ndi apongozi ake, ali chifuwa pamtunda pamaso pawo. Anafuna kudzifunditsa ndi envelopu. Mtima waulesi uja unanyamuka liwiro, tonse tikuona.

"Musasunthe," anatero adokotala. Kenako anaseka, koyamba. "Ndimati ndimukweretse masitepe kuti ndione mtima ukagwira ntchito. Mayi mwandipeputsira. Taonani kuno. Ukathamanga ukufinya kwambiri, makoma akutsala pang'ono kugundana. Kukula kwake n'kwa munthu wothamanga, khoma silinapitirire. Wodwala sungatero."

Amayi anasendera pafupi. Anafunsa kuti mtima wotamuka umaoneka bwanji. Adokotala anatambasula dzanja, n'kugwedeza zala pang'ono chabe, osafumbata. Amayi anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Mtima wa Ababa palibe amene anawaonetsapo.

Adokotala anatambasula mkono kuti azimitse makina.

"Musazimitse kaye," anatero Amayi.

G. ankayang'ana kudenga ngati akupempha kuti limugwere, chipindacho chikutseguka, chikufumbata. Amayi osaphethira. Kenako, maso ali pomwepo:

"Iwe Sungeni, podutsa ku Biwi uwauze amalume ako kuti Loweruka asachedwe. Ndipo apatseni bambowa malaya awo, kukuzizira."