Kadazi Pansi pa Mpango

Lolemba, 6 Malichi

Mzinda wathu wa Omdurman, kuno ku Sudan, wayamba kale kutentha. Masabata atatu kuti ukwati wanga ufike.

Ndamasula tsitsi nditaweruka ku sukulu. Miyezi inayi lili lolukidwa ndi meshi, ndipo pakati pa malukidwe awa ndi akale aja ndinangopumitsa mutu tsiku limodzi. Mng'ono wanga Mawahib ndiye amamasula kumbuyo, uku akuimba. Kenako anasiya kuimba.

"Ishraga, usagwedezeke." Basi.

Magalasi awiri, lina kutsogolo, lina kumbuyo. Pamwamba pa nkhongo, chakumanzere, palibe tsitsi ngakhale limodzi. Kukula ngati chivindikiro cha botolo. Posalala, ponyezimira. M'mbali mwa chipumi namo tsitsi labwerera m'mbuyo, koma izo ndinkazidziwa. Ndinkangokokera mpango kutsogolo.

Amayi sitinawauze.

Lachitatu, 8 Malichi

Ndaphunzitsa kalasi yolakwika mphindi khumi zonse. Atsikana kungondiyang'ana.

Azakhali anga, a Awatif, sakuchoka m'mutu mwanga. Iwonso zinayamba chonchi, tsitsi pa pilo, tsitsi m'beseni. Kenako zilonda kumaso, mawondo kutupa, impso. Zaka ziwiri, tinawaika. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndine ndinkawasesera m'chipinda.

Ndadzifinya mawondo m'bafa. Sakupweteka. Kapena akupweteka pang'ono? Sindikudziwanso.

Mawahib akuti ndi kulimbitsa kwa mtsikana wa ku saluni uja. "Unabwera nsidze zili m'mwamba ngati wadabwa, sabata yonse." Zoona. Ndinamwa mapiritsi a mutu masiku atatu, tiziphuphu titandanda m'mbali monse. Ndinkati kukongola n'komweko. Poyabwa ndinkangothira karkar, mafuta athu a chitowe aja, pamwamba pa mfundu, osatsuka bwino kuopa kuti malukidwe angasokonekere.

Lachinayi, 9 Malichi

Mayi ake a Siddig, mwamuna wodzandikwatira, atumiza uthenga. Mayi Batul, oluka akwatibwi aja, adzayamba kundiluka pa 21. Masiku atatu, timizere ting'onoting'ono, ulusi wakuda wofika m'chiuno. Akazi a mbali zonse ziwiri atandizungulira pabwalo, khofi, zofukiza, nyimbo. Mutu wanga uli pamtunda pakati pawo.

Tsiku lija anabwera kudzandiona koyamba, apongozi anandigwira malukidwe nati, "Mwana wanga wasankha tsitsi, osati mkazi." Aliyense anaseka. Theka lake linali meshi.

Siddig waimba kawiri. Ndamuuza za makatani a kunyumba yatsopano.

Lolemba, 13 Malichi

Kadazi kachiwiri. Kakang'ono, kuseri kwa khutu lamanja. Lachisanu panalibe, ndikulumbira.

Ndanama kwa ahedi kuti dzino. Mawahib wandiperekeza kwa dokotala wa khungu, mayi wamfupi wa magalasi, wosamwetulira. Wandiyang'ana m'mutu nthawi yaitali ndi kagalasi kowala. Wakoka titsitsi ta m'mphepete mwa kadazi kaja, tangotuluka osalimbana.

Ndamuuza za azakhali. Wasiya kulemba, wandiyang'ana m'kamwa, zikhadabo, masaya. Magazi timabotolo tinayi. Zotsatira Loweruka.

Ndinafunsa ngati ndi matenda omwe aja. "Sindilosera, mwana wanga, ndimayeza."

Pobwerera m'basi mayi wina amadya mtedza pafupi nane. Ndimamuchitira nsanje. Munthu wongodya mtedza.

Lachiwiri, 14 Malichi

Amayi adziwa. Anandipeza ndikutsuka m'mutu masana, Mawahib akundithirira madzi. Anaima pakhomo pa bafa ndi mtanda wa kisra, buledi wathu wopyapyala uja, m'manja. Sanatchule dzina la azakhali. Inenso ayi. Koma anakhala pansi pomwepo, pa simenti yonyowa.

Madzulo ano akuti tipake adyo, tipake utoto wa masamba a hina, tipite kwa shehe. Kenako akuti mayi Batul ndi katswiri, adzaphimba ndi ulusi, palibe adzaone.

Chakudya sichikulowa.

Loweruka, 18 Malichi

Si matenda a azakhali. Si amenewo.

Ndalira m'khonde la chipatala mpaka mlonda anandibweretsera madzi. Magazi ndi ochepa chabe, andipatsa mapiritsi. Timadazi tiwiri tija dokotala akuti thupi limatero nthawi zina, kudzithothola lokha, kawirikawiri limameranso. Wandibaya tijakisoni m'mutu momwemo. Ululu wake!

Koma m'mbali mwa chipumi ndi kukoka kwa zaka zonsezi. Pena padzamera, pena pafa kale. Ndiye lamulo: miyezi isanu ndi umodzi osaluka zolimba, osaika meshi, osaika ulusi, osawongola ndi moto. Kutsuka sabata iliyonse, mafuta pang'ono kunsonga kokha, kupesa ndi zala likadali lonyowa, kugona ndi mpango wa silika.

Ndinamuuza kuti Lachiwiri ayamba kundiluka za ukwati. "Ukalukitsa, udzakongola masiku atatu. Za pambuyo pake usadzandifunse."

Ndimaganiza kuti mantha atha lero. Angosamuka malo.

Lamlungu, 19 Malichi

Ndapita ndekha kwa mayi Batul. Anali pa mphasa akupota ulusi wanga womwewo, mulu wonse wakuda pamiyendo pawo. Ndavula mpango.

Zala zawo m'mutu mwanga, zozizira, zodekha. Anatembenuza mutu wanga uku ndi uku ngati akusankha chivwende.

"Ndani anakuluka chonchi? Amamanga mbuzi kapena?"

Ndinawapempha zomwe amayi ananena, zophimba. Anakana. Akuti angathe, ndipo palibe angaone, koma ulusi ndi wolemera, ukadzamasulidwa udzatsika ndi tsitsi lomwe latsalali. Akuti anachitapo zimenezo kwa mkwatibwi wina kalekale, mpaka lero mayiyo akakumana nawo ku msika amayang'ana kumbali. "Manja anga sadzachitanso kawiri."

Angandiluke mizere isanu ndi umodzi yokha, ikuluikulu, yofewa, tsitsi langa lokha. Ntchito ya ola limodzi. Mkwatibwi wa mizere isanu ndi umodzi ngati mwana wa sukulu! Azakhali ake a Siddig adzanena mpaka chaka chamawa.

Akuti apongozi ndiwauze ndekha, asadzamve pabwalo pali anthu.

Lolemba, 20 Malichi

Ndinayamba ndi Siddig, pa foni, nthawi yopuma. Ndinanena zonse mothamanga. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako, "Koma suli kudwala?" Ndinati ayi. Anapuma mwamphamvu. Kenako, "Amayi wawauza?" Mawu ake anasintha pamenepo. Amawaopa kuposa ine.

Ndapita kwa apongozi masana ndi amayi. Tiyi, mabisiketi, za nyengo. Ndinaika kapu pansi. Ndinangovula mpango.

Apongozi anayang'ana nthawi yaitali. Anadzuka, anazungulira kumbuyo kwanga. Chala chawo pa kadazi kaja.

"Pakupweteka?"

Ndinati ayi.

Anandivekanso mpango okha, anaumanga bwinobwino, mosalimbitsa. Anatiperekeza mpaka pa geti. Za mawa sananene kanthu. Za ukwati sananene kanthu. Amayi njira yonse akuti ndi chizindikiro chabwino, kenako akuti mwina ayi.

Lachiwiri, 21 Malichi

Mphasa zayalidwa pabwalo kuyambira m'mawa. Khofi wakazingidwa. A kwathu afika, akhala, akunong'onezana. Mayi Batul ali pakona ndi chipeso chokha, ulusi ausiya kwawo.

A kwa Siddig anayenera kufika teni koloko. Pano yadutsa leveni. Foni yake ikungoitana.

Ndatsuka m'mutu, ndapaka mafuta kunsonga. Lauma lokha, lafufuma, lalifupi kuposa mmene ndinkaganizira. Sindinalione chonchi kuyambira ndili ku sekondale. Kuseri kwa khutu ndikumva ngati timinga pansi pa chala, kapena ndikungofuna kumva.

Galimoto yaima panja. Zitseko zambiri, osati chimodzi. Mawahib wasuzumira pa geti, akuti apongozi ali kutsogolo, anyamula thireyi yophimba pamutu, nkhope yawo sakutha kuiwerenga.

Akundiitana. Mpango ndausiya pabedi.