Malemu Othirira Nazale

Lolemba, 3 Novembala 2025

T. (mlongo wanga Tryphena) wabwera ndi fomu kuchokera ku Boma. Ndi ya bungwe lija lolipirira ana osauka ku makoleji a ntchito zamanja. T. akufuna kukaphunzira zamagetsi, ku Chipata. Akalephera chaka chino, a Manasseh a pagolosale akumudikira kuti akhale mkazi wachitatu, ndipo amama sakuwakana. T. akuti bola afe.

Vuto ndi tsamba lachiwiri. Likufuna nambala ya reji ya bambo, chitupa cha unzika wa kuno ku Zambia. Adada alibe reji. Anachoka ku Kasungu kudzalima fodya ife tisanabadwe, mapepala awo ndi a ku Malawi mpaka lero. T. akuopa kuti akalemba zoona amutaya ngati mlendo.

Lachiwiri, 4 Novembala

Amama apeza nzeru. Pali kabokosi kena: bambo anamwalira. T. wachonga pomwepo, adada akuona. Tizinena kuti anafera ku Kasungu, manda ali komweko. Adada aseka, ati chabwino, amasiye ndiwo amayamba kuthandizidwa. Aseka okha.

Lachinayi, 6 Novembala

T. wayamba kuwatcha malemu. Malemu adya? Malemu asiya nsapato pakhomo. Amama akumukalipira koma mapewa akugwedezeka.

Ine ndimangoyang'ana. Adada anandigenda ndi chitsononkho, ati iwe Kadzidzi, maso ngati waona mzukwa. Ndinafuna kuyankha kuti inde. Dzina la Kadzidzi anandipatsa ndi iwo, ndili giredi 3, pamaso pa anzanga. Kusukulu palibenso amanditcha Watipaso.

Loweruka, 8 Novembala

Meseji pafoni ya T. A bungwe abwera Lachiwiri kudzaona pakhomo. Salipira asanaone ndi maso.

Adada ati akabisala m'chigafa. Amama ati ayi, nazale ya fodya athirire ndani dzuwa lonseli, komanso njinga ndi malaya achimuna zili poyera. Akhale waganyu basi. A ku Kasungu ndi ambiri kuno ku Mphamba, palibe angadabwe. T. ati ndipo nkhope ikuyenera.

Lamulungu, 9 Novembala

Kuyeserera titaweruka kutchalitchi. Kuwatcha adada kuti "iwe Binwell" lilime limakana. Amama analephera. Ine ndinakayesa ndekha kuseri kwa khola. Kachitatu mawu anatuluka bwinobwino. Anandikomera.

Lachiwiri, 11 Novembala

Sindinapite kusukulu.

Anabwera mayi mmodzi panjinga yamoto, a Lorraine, ochokera ku Lusaka. Anati monire, kenako Chitumbuka chinawathera. Munthu wabwino ndithu. Anayang'ana denga, nkhokwe, satifiketi ya T. Atafunsa za imfa, amama analira misozi yeniyeni. Sindikudziwa amalira chiyani.

Ndiye adada anatulukira ndi makeni awiri a madzi. A Lorraine anafunsa kuti uyu ndani. Amama ndi T., wa pakamwa uja, anangondiyang'ana.

"Ni wa ganyu," ndinatero. "Iwe Binwell, bweletsa mpando. Suona alendo aimilila?"

Anatula makeni. Analowa, natulutsa mpando wawo womwe ife sitiloledwa kukhalapo, naupukuta ndi malaya. Kenako anagwada chapatali. Zinali zokwanira pamenepo. Koma ndinawonjezera, palibe anandituma: "Uzifulumilako, waulesi iwe."

A Lorraine anandidzudzula, ati usamatero mwana wanga, nayenso ni tate wa wina. Adada anati, "Musavutike, madamu, anawa ndawazolowera."

A Lorraine analemba pa tabuleti nthawi yaitali. Ati kwa iwo zatheka, T. akonzekere Januwale. Ati bungwe limayendera koleji temu iliyonse, ndipo likapeza bodza mwana amachotsedwa tsiku lomwelo. Dzina langa analilowetsanso. Ndikamaliza giredi 12 sipadzafunika kubweranso, ndili kale mu kompyuta ngati wamasiye.

Ndinawerengera. Zaka zitatu za T., kenako zanga. Adada nawonso anawerengera, ndinaona milomo.

Mpando unatsala panja. Palibe anaulowetsa.

Lachitatu, 12 Novembala

T. wadzuka akuimba, wachapa chikwama cha amama chopitira ku Chipata. Adada analawira kudimba osamwa tiyi.

Nditabwerako kusukulu tinali m'nyumba tonse atatu, kuthawa dzuwa. Tinamva mapazi, anaima pakhomo.

"Odi."

Mawu a adada. Pachitseko chomwe anakhoma okha.

T. anasiya kuimba. Amama anayang'ana pansi. Odi wachiwiri, wotsika.

Ndinayankha ndine. Ndinafunsa kuti akufuna ndani.

Anaima kanthawi. Kenako mapazi anabwerera kudimba.