Mayi Erica Nkhoma, amene ankatembenuza mabedi

Kwa bambo Griffin Nkhoma, ana anu Michelle ndi Thabani, ndi abale onse ku Cowdray Park,

Ife a Bungwe la Maliro la Chikondano kuno ku Tshabalala talandira ndi mantha ndi chisoni chachikulu uthenga wakuti mayi Erica Nkhoma, namwino wa wodi ya odwala matenda osachiritsika, atisiya atangodwala masiku ochepa. Ntchito yathu ndi ya maliro ndipo taika anthu ambiri, koma sitinaganizepo kuti amene ankatiperekeza ife okalamba ndiwo adzatsogole.

Ambiri a ife zipatala sitizikhulupirira, ndipo sitibisa. Tinakumba migodi ya dziko lino n'kukonza njanji zake, koma tikadwala amatiyang'ana ngati katundu woiwalika pa siteshoni ya mabasi ya Renkini. Mayi Nkhoma sanali otero. Pamene madokotala anena kuti palibenso chochita, iwo m'pamene ankayamba ntchito. Ankatsuka zilonda zimene ana athu enieni ankazithawa, ankauza banja zoona popanda kuzungulira, ndiponso ndiwo anatichotsa mantha pa mankhwala a mofini, amene tinkati ndi omalizira munthu. Ine nditawafunsa zimenezi anandiseka. Anati, "Malume, mukanakhala kuti ndinu ofunika kuphedwa, bwenzi mowa wa ku bawa utakumalizani kale. Botolo ili limangopatsa munthu tulo."

Iwo anali Mkhristu wa mpingo wathu, koma ankadziwa kuti abale athu Achisilamu amafuna kutsirizika atayang'ana ku Maka. Msilamu akagonekedwa mu wodi yawo, ankakoka okha bedi lake n'kulitembenuzira kumeneko, ngakhale mzere wa mabedi ukhote. Akuluakulu ankadandaula kuti wodi ikuoneka yosalongosoka. Mayi Nkhoma ankangoyankha kuti mzere sudwala.

Tikulemba izi chifukwa m'modzi wa ife, Che Abbas, amene anagwira ntchito ya njanji moyo wawo wonse, ali gone mu wodi imeneyo ndipo masiku awo atha. Mayi Nkhoma atangosiya kubwera, okolopa anabwezera bedi lawo mu mzere, ndipo tsopano ayang'ana khoma la kuchimbudzi. Sindebele ndi Chingerezi zawathawa, chatsala ndi Chichewa chokha, choncho anamwino enawo sakumva chimene akulirira. Nditapita kukawaona anandigwira dzanja n'kufunsa za mayi Nkhoma.

"A Kachingwe, mwana wanga uja wachedwa bwanji?"

Ndinati, "Ali pa ulendo, Che Abbas."

Iwo anati, "Akabwera mumuuze kuti bedi langa lasokera."

Ndinapempha kuti alitembenuze. Anandiuza kuti ndidikire wamkulu wa wodi, ndipo ndikudikirabe. Tikudziwa kuti pa maliro akuluakuluwo adzabwera ndi nkhata za maluwa ndi mawu okoma. Ife maluwa tilibe. Tikachoka kumanda Loweruka, mamembala amene misana yawo ikadali yolimbako tidzapita ku wodi, Akhristu ndi Asilamu pamodzi, ndipo tikupempha mwaulemu kuti pasapezeke wotiletsa pakhomo.

M'malo mwa mamembala onse, amayi ndi abambo, ndikupereka chipepeso chathu kwa inu bambo Nkhoma ndi ana. Munatibwereka mayi wa pakhomo panu kwa zaka zambiri osadandaula, ndipo tikudziwa kuti nthawi zina munkadya nokha chifukwa iwo anali atakhala pambali pa m'bale wathu. Mulungu akulimbitseni mtima pa nthawi yowawayi, ndipo mzimu wa mayi Erica Nkhoma uuse mumtendere. Kumene apitako asade nkhawa za Che Abbas. Bedi lija tikalitembenuza ife.

Lemson Kachingwe
Wapampando, Bungwe la Maliro la Chikondano
Tshabalala, Bulawayo