Kambale ka Mpunga Kamene Anakuikirani

Amayi anga, kodi mukudzuka bwanji kumene muliko?

Ife kuno ku Scarborough, dera la mzinda wa Toronto, tilipo, chisanu chatha ndipo mitengo yayambanso kuphuka. Pakati paja munkafunsa m'kalata yanu yomaliza panabadwa mwana wamkazi, tinamupatsa dzina lanu, Esitere. Mphuno ndi yanu, ukalinso ndi wanu, akafuna bere sapempha kawiri. Bambo ake akugwirabe ntchito ku fakitale ya magalimoto ku Oshawa. Achimwene a Yohane analemba kuti chimanga cha m'munda mwanu chadzaza nkhokwe, koma denga la khitchini linagwa ndi mvula ndipo mpaka lero akungolonjeza kuti akonza. Mukumudziwa mwana wanu.

Koma chimene ndakhalira pansi ndi china. Amayi, chaka chonsechi ndinali ndisanakulireni. Kalata ya maliro anu inandipeza patatha masabata atatu atakuikani. Ndinaiwerenga nditavala kale yunifolomu, ndinaipinda, n'kupita ku shifiti. Misozi inakana. Ndinkadziona ngati mwana wouma mtima, moti ngakhale dzina lanu ndinkachita nalo manyazi.

Tsiku lina ku wodi kwathu, kuchipatala kumene ndimagwira ntchito, kunamwalira bambo wina wokalamba wa ku Japan, a Harada. Powasambitsa ndinachita monga munkachitira inu ndi anzanu a Mvano pa maliro a kumudzi. Paja munkati, "Womwalira muzimuuza chimene mukumuchita, si thumba la chimanga ameneyo." Ndiye ndinkawauza m'Chichewa chathu chomwechi kuti agogo ndikutembenuzeni, agogo tsopano kumaso. Sindinadziwe kuti akazi awo aima kuseri kwa katani. Patapita masabata asanu ndi awiri ananditumizira uthenga woti ndikadye ku kalesitilanti kawo m'tauni ya Toronto.

Ndinapita Lamlungu titaweruka kutchalitchi, Esitere ali kumbuyo. Malo ake ndi ochepa ngati khitchini yanu ija, opanikizika pakati pa wosoka nsapato ndi ochapa zovala. Koma Amayi, mukanaona! Nsapato amavulira pakhomo, pansi n'poyala mikeka, ndipo paliponse mbee, simungapeze ndi kachitsotso komwe. Mayi Harada, munthu wa imvi mutu wonse, anandigwadira n'kundipatsa kansalu kotentha kopukutira m'manja, ndi manja awiri. Chibwerereni kuno palibe anandipatsapo chinthu chotero. Nane ndinagwada n'kulandira nditagwira mkono. Iwo anawerama, ine ndinaweramanso kuposa, iwo n'kupitiriza, mpaka mwana wawo amene amaphika analephera kudzigwira, anaseka.

Kenaka mwana wawoyo anatenga mpeni wautali n'kuyamba kudula nsomba ife tikuona. Sindinaonepo munthu akugwira chakudya mwaulemu chotero. Akadula kamodzi, apukute mpeni, apume, adulenso. Tizidutswa take tinali topyapyala moti maluwa a pambale ankaonekera. Ine ndinkangodikira kuti apite nazo pamoto. Moto wake uti? Anandiikira patsogolo zili choncho, zaziwisi! Ndinakumbukira mmene munkatibwezera chambo pamoto mukaona kofiira pafupi ndi munga, ndipo mumtima ndinati Amayi mundikhululukire. Timitengo tiwiri todyera tinandikana, mayi aja anachita kundigwira zala. Nditaika m'kamwa, ha! Fungo la nsomba panalibe, inangosungunuka, yozizira bwino, yotsekemera pang'ono. Mpunga wake mbewu iliyonse inkawala payokha. Msuzi anaupereka m'kambale kovundikira, nditavundukula ndinachita mantha kuusokoneza, mmene anauyalira.

Pambali panali kanthu kobiriwira. Ine ndi nzeru zanga za ku Ntcheu ndinati ndi peyala, ndinatapa konse. Mayo ine! Kanalasa m'mphuno mpaka pa liwombo, kuposa mpiru ndi tsabola mutaziphatikiza. Misozi mbwembwembwe, tonse kuseka, ndipo ine ndinazindikira kuti imeneyo ndiyo misozi yanga yoyamba chichokereni inu.

Titakhala pansi bwino, mayi Harada anandifunsa m'Chingerezi chawo chochepa kuti anandiphunzitsa ndani kulankhula ndi womwalira. Ndinati mayi anga. Anafunsa ngati muli moyo. Ndinati ayi, ndipo sindinakusambitseni, sindinaponye ndi dothi lomwe pamanda panu. Anadzuka, natenga kambale kakang'ono ngati chivundikiro cha botolo, naikamo mpunga wotentha. Pakona panali kashelefu, pali chithunzi cha amuna awo ndi kambale kena kotero. Anafunsa dzina lanu. Ndinati Nangozo, dzina lanu la mfunda lija. Analibwereza katatu mpaka analitchula bwino, anaika kambale kanu pafupi ndi ka amuna awo, n'kuwerama mpaka chipumi kugunda mkeka.

Ndikudziwa, mayi wa Mvano mukanati zimenezo ndi nsembe za mizimu. Koma si inu nomwe munkasiya kachakudya mumphika tsiku lililonse n'kumati, "Wina ali m'njira"? Sindinawaletse. Ndinangomva mawu akutuluka okha, kulira kwenikweni kwa kwathu, kofuula, mayi wanga ine, mayi wanga ine, pakati pa Toronto masana dzuwa likuswa mtengo. Mwana wawo anatseka chitseko. Mayi aja anamasula Esitere kumbuyo kwanga, anamufukata, n'kukhala pafupi nane phewa ndi phewa. Sananditonthoze. Anandisiya ndilire mpaka nditamaliza, monga amachitira amayi m'nyumba ya siwa.

M'mawa mwake ndinauza bambo a Esitere kuti andimete mpala. Kuntchito anzanga akufunsa ngati ndi sitayilo yatsopano, ine ndimangoti mayi anga anamwalira. Tsopano ndikutha kunena.

Esitere akangoyamba kuyenda ndibwera naye kumudzi. Ndidzalambula pamanda panu ndi manja angawa, ndipo chilichonse chimene ndizidzachita ndizidzakuuzani, kuti Amayi tsopano ndikuzula udzu, Amayi tsopano ndikusesa kumutu.

Ndimakukondani, ndipo ndakulirani.

Ndine mwana wanu,
Agnesi