Mufunseni, Amayi

Lachitatu, pa 12 Juni

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndipo bondo lija lasiya kukuvutitsani. Ine m'thupi ndilibe vuto. Ndaipatsira alamu chifukwa akudzera kumeneko lero lomwe. Musadabwe kuti ndalemba pamene foni ilipo. Inu foni mumaiika pa sipika, nyumba yonse n'kumamvera ngati wailesi, ndipo nkhaniyi sindifuna kuti Mzime wanu aimvere pakhomo. Muwerenge muli nokha.

Dzulo munandiuza kuti mlongo wangayo wachira. Munati chibwerereni amayi a mapemphero kudzamusanjika manja, wadzuka pabedi pamene wakhala ali gone miyezi yonseyi, wasamba, wameta, akuseka. Munati gitala yake wapatsa mnzake wa kukwaya, nsapato zabwino zija wapatsa msuweni, ndipo wakupepesani pa zonse zimene anakusautsani nazo. Inu munkachita kuimba pa foni. Ine ndinangoti chete, ndiye munandinena kuti sukulu inandiumitsa mtima. Sikuuma mtima, Amayi. Ndinagwidwa ndi mantha, ndipo mpaka pano sanandisiye.

Pali zimene sindinakuuzeni zokhudza ntchito yanga ya uphunguyi, yolangiza anthu ovutika maganizo. Dzina la munthu sinditchula, ntchito siilola.

Kachipinda kanga kali kumapeto kwa khonde la chipatala. Muli mipando iwiri, katebulo, ndi zenera loyang'ana kumene amayanika zofunda za odwala. M'menemo munkabwera bambo ena achikulire, a telala, mkulu wa mpingo kwawoko. Akazi awo atamwalira anasiya kusoka, anasiya kudya bwino, tulo tinawathawa. Koma chimene chinkawadya kwambiri chinali pemphero. Ankandiuza kuti, "Mwana wanga, ndikagwada mawu amangothera kudenga n'kundigweranso."

Ankandikumbutsa malemu Bambo, mpaka kakhosomoledwe komwe. Ntchito yathu siitiletsa kupemphera ndi munthu ngati mwiniwake wapempha, ndipo iwo anapempha. Tikatha kucheza tinkaweramitsa mitu. Ndisabise, ndinkanyada nazo. Ndinkati anzangawa ali ndi mabuku okha, ine ndili ndi mabuku komanso chikhulupiriro chimene ndinayamwa kwa amayi anga.

Mwezi wathawu anatulukira atavala malaya ositasita, nkhope ili ngwee. Anati, "Ndapeza mtendere. Ambuye andionetsa njira." Anandiuza kuti makina osokera apatsa mphwawo. Ine anandibweretsera kakhushoni kosoka okha, n'kukaika pampando wa odwala. Anati, "Mpandowu ndi wouma, ndipo anthu amakhalapo akulira."

Amayi, kusukulu anatiphunzitsa chinthu ichi mpaka makutu kuwawa. Munthu amene wakhala mumdima nthawi yaitali akangoti mwadzidzidzi wapepukidwa, n'kuyamba kugawa katundu wake, kupepesa ndi kuthokoza aliyense, nthawi zina sikuchira ayi. Nthawi zina amakhala kuti watsimikiza mtima zochotsa moyo wake, ndipo mtendere umene tikuuonawo ndi wa munthu amene wasiya kulimbana. Zikatero timayenera kufunsa mosapita m'mbali kuti, "Kodi mukuganiza zodzipha?"

Funsolo linafika pakamwa panga penipeni. Koma anali atatchula Ambuye. Ndinaona ngati ndikafunsa ndikhala ndikukayikira zimene tinkapempha tonse awiri, ngati munthu amene walandira mphatso n'kuyamba kuinunkhiza. Ndinalimeza. Ndinati, "Alemekezeke." Tinaimbako ndi kanyimbo komwe, ndipo ndinawaperekeza mpaka pachipata.

Tsiku loti abwerenso sindinawaone. Anabwera mwana wawo wamkazi, atavala zakuda, kudzandiuza kuti bambo ake anadzipha. Anakhala pa kakhushoni komweko osadziwa kuti anasoka ndani. Sanandikalipire, bwenzi zili bwino akanatero. Anangoti, "Ifenso tinasiya kuwayang'anira. Anatiuza kuti ngakhale aphungu awo aona kuti achira."

Atatuluka ndinapita kwa a Sisitala, mkulu wathu wa ntchito, mayi wosaseka wamba. Anandifunsa kuti, "Munawafunsa?"

Ndinati ayi.

"Chifukwa?"

Ndinati, "Ananena kuti ndi Ambuye."

Iwo anati, "Nanga Ambuyewo anakuuzani kuti musafunse?" Anandisiya ndilire mpaka nditatopa. Kenaka anati, "Inenso ndimapemphera, mwinanso kuposa inu. Koma muno ndimapemphera maso ali tong'o."

Kuchokera pamenepo pemphero linandiuma pakamwa. Mukamandifunsa ngati ndapita kutchalitchi ndimati inde, ndipo sindinama, koma ndimakhala kumbuyo n'kumangogwedeza milomo. Ndinakwiyira Mulungu, kenaka ndinazindikira kuti ndikumukwiyira pa ntchito imene anaipereka m'manja mwanga. Masiku ano pemphero langa ndi lalifupi lomvetsa chisoni. Munthu akamalowa m'kachipinda kaja ndimangoti, ndipatseni mphamvu ndifunse.

Ndiye dzulo inu mukutchula gitala, nsapato, kupepesa, ine mtima unangoti myuu. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Sindinadziwe kuti mawa lake lifika msanga chonchi, komanso m'nyumba ya amayi anga.

Sindikunena kuti musiye mapemphero. Munatilera ndi maondo, ndipo sindingakhale mwana wonyoza chimene chinatilera. Ndikungopempha chinthu chimodzi. Mukangomaliza kuwerenga, kalowereni kuchipinda kwa Mzime, mutseke chitseko, mukhale pabedi pake. Mumufunse ndi mawu omwewo, osawazungulira, osawaveka malaya: "Mwana wanga, kodi ukuganiza zodzipha?" Ndikudziwa kuti mawu amenewa sanatulukepo pakamwa panu, ndipo mukuopa kuti kuwatchula n'kuwaitana. Sizitero. Kufunsa sikumupatsa munthu maganizo amene analibe. Amene ali nawo, nthawi zambiri amapumira m'mwamba kuti wina wafunsa.

Akati inde, musamukalipire, musamuwerengere vesi, musathamangire kukaitana amayi aja. Mugwireni dzanja, mumve zonse. Alamu ndawapempha kuti asachoke msanga, angakutengeni nonse kuchipatala. Akati ayi, musamusiyebe yekha. Mankhwala ake musunge ndinu, muzimupatsa ndinu, ndipo asasiye kumwa ngakhale wina anene kuti sakufunikanso. Za umboni wa kuchira kwake umene munati akufuna akapereke kutchalitchi Lamulungu zibadikira. Musati tiona mawa, paja pakadafunda padajiwitsa galu.

Mwina ndikulakwitsa. Mwina wachiradi, ndipo ine ndangosanduka munthu woona mthunzi paliponse. Zikakhala choncho mudzandiseke moyo wanga wonse, mudzauze ndi azakhali omwe kuti phungu wanu uja anadzidzimuka ndi nsapato. Ndidzaseka nanu, ndipo palibe chimene ndikuchilakalaka kuposa chimenecho.

A Sisitala andilola kuchoka. Pali anthu amene sindingawasiye osawaona mawa m'mawa, koma ndikangothana nawo ndikwera basi, ndifika dzuwa lisanalowe. Musavutike kundikonzera kalikonse.

Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze kuti mafuta opaka aja ndibwera nawo. Moninso kwa msuweni ndi ana onse. Amayi a mapemphero muwathokoze, ndipo ndikunena kuchokera pansi pa mtima, chifukwa anabwera pamene ena ankangonong'ona kuseri. Inu mudzisamalire bondolo.

Kwa Mzime musandiperekere moni. Umenewo ndikufuna ndidzapereke ndekha, m'manja mwake. Mundisungire mlongo wanga, Amayi, ndidzamupeze.

Ndine mwana wanu wachisamba.